Mano a Ayavu Ali M'kapu Yabuluu

Rozina mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli kuchigayo. Usaseke kuti mayi ndi mwana ogona nyumba imodzi ayamba kulemberana makalata ngati zibwenzi. Dzulo ndinayesa kukuuza pakamwa, koma unaona wekha mmene zinathera. Ndinayambira pakati, ndinabwerera kumayambiriro, kenaka misozi, iwe n'kumangoti "Amayi, ndamva," pamene sunamve kanthu. Ndiye ndati ndilembe. Uwerenge m'minibasi ukadutsa Nchalo, uwerengenso padoko podikira bwato. Ku Nyachikadza kumene ukupitako foni imagwira ikafuna yokha, sudzatha kumandifunsa chilichonse.

Ukupita kukadwazika agogo ako aamuna, ayavu monga mumawaitanira kwa bambo ako. Sindikunamiza, sakachira. Namwino ananena, ansembe anaona, iwo eni akudziwa. Sindikukutuma kuti ukawachiritse ayi. Ndikukutumira m'kamwa mwawo. Abambo mfumu adzawolokanso Lamulungu loyamba la mwezi ukubwerawu, ndipo madzi akadzayamba kudzaza sadzapitakonso mpaka chaka chamawa. Ayavu chaka chamawa sadzachiona. Ndikufuna kuti tsiku limenelo adzathe kuyasama, alape ndi mawu awo, alandire Ukaristia n'kumeza. Basi. Zonse zimene ndilembe pansipa zikuzungulira pamenepo, ngakhale uone ngati ndasochera.

Choyamba chimene chinandilakwitsa ndi ulemu. Ukudziwa mmene ndakhalira ndi apongozi anga chikwatiwireni. Kulankhula nawo nditagwada pakhomo, nkhope kumbali, mawu kudzera mwa munthu wina. Iwo amanditcha nkwenyi, mkazi wa mwana wawo, ine dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga, ndipo ngakhale bambo ako atatisiya sitinasinthe. Nthawi yonse ndinali kumeneko ndinkaphika phala la mapira n'kupatsa agogo ako aakazi, a Chanazi, kuti alowe nalo. Mbale inkabwerera mmene inalowera. Obwera kudzazonda ankangopukusa mitu: "Akana chakudya, ulendo wayandikira." Nane ndinavomereza. Ndinkamva fungo lochokera m'chipindamo n'kumati ndi fungo la matenda. Ndinasesa, ndinachapa zofunda, ndinagula mphasa ina. Malo amodzi okha kumene fungolo linkachokera sindinayang'aneko, chifukwa mpongozi sasuzumira m'kamwa mwa mpongozi wake. Rozina, munthu wokalamba akakana chakudya, uyambe wayang'ana m'kamwa usanayambe kuyang'ana kumanda.

Chachiwiri ndi phala la malambe. Ndinaganiza kuti mwina lilime lawo latopa ndi zozizira, likufuna chowawasa chodzutsa mudyo. Ndinasungunula malambe, n'kufinyiramonso mandimu kuti zimveke bwino. Ndili panja ndinamva kubuula kumene sindinakumvepo kwa munthu wamwamuna. A Chanazi anatuluka mbale ili m'manja. "Nkwenyi, mwathiramo moto?" Ndinakhumudwa, Mulungu andikhululukire, ndinayesa akunyoza kaphikidwe kathu ka Chimang'anja. Sindinadziwe kuti ndikuthira zowawasa pa zilonda. Iwe usawapatse malambe, masawu, bwemba, mandimu, tsabola kapena chilichonse chotentha. Madzi a chivwende, papaya wakupsa woponda ndi supuni, phala lamadzimadzi lofunda pang'ono. Mlamba ukapezeka uwapatse msuzi wokha, wosefa, chifukwa minga imabisala m'masaya. Wamva? Zowawasa ayi.

Tsiku limene abambo mfumu anabwera ulendo wathawu ndi limene limandidzera ndikamapemphera. Mwina sukudziwa, koma ayavu ndi amene ankawolotsa ansembe pa bwato lawo kuyambira unyamata mpaka imvi, mvuu zili pakati panjira, mphepo ili kuwomba, iwo kumangopalasa akuyimba. Tsikulo ine ndi amayi a mphakati tinatalikira kuti alape, koma abambo anatiitana msanga. Mawu sankatuluka, inkangomveka mphepo ngati ya m'bango. Abambo anati palibe kanthu, Mulungu wamva. Anawadzoza mafuta, ife titagwada pakhomo. Kenaka anawaika Ukaristia pa lilime. Lilimelo linali louma ngati chikopa cha pang'oma, ndiye unangomata pomwepo. Anayesa kumeza, anatsamwa, anatsokomola mpaka maso kufiira. Abambo anauchotsa mwaulemu n'kuuika m'kachikho ka madzi, nati mtima wofuna ndi wokwanira. Ndikukhulupirira kuti ananena zoona, ndi ansembe. Koma ine ndinaona misozi ikutsikira m'makutu mwa ayavu, poti anagona chagada. Munthu wowolotsa Ambuye pa Shire zaka zonse zija, lero Ambuye alephere kuwoloka pakhosi pake! Ndiye ndikufunse iwe wongomaliza kumene Fomu 4, ngati mtima ndi wokwanira, ankaliriranji? Ine sindikudziwa.

M'mawa mwake ndinawoloka kupita kuchipatala chaching'ono chakumtunda. Namwino anandifunsa kuti, "M'kamwa muli bwanji?" Ndinati sindinaonemo. "Nanga akuwadwazika ndani?" Ndinati ndine, koma ndi apongozi. Anaseka pang'ono, nayenso ndi wakomweko, nati, "Mayi, zilonda sizidziwa chipongozi." Anandifotokozera kuti munthu akafooka chonchi malovu amauma, makamaka akamapumira kukamwa, ndipo m'kamwa mouma mumamera zoyera ngati chambiko, pansi pake zilonda. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera m'kamwa, n'kundionetsa kapukutidwe pa chala chake. Za kuzula dzino, ngati lilipo lobooka, anati tiiwale, pamene afikapa kungakhale kuwazunza chabe, ulendo wa pabwato wokha ungawamalize. Ntchito yatsala ndi kutsuka, kunyowetsa ndi kuchepetsa ululu.

Nditabwerera ndinalakwitsanso. Ndinafotokozera a Chanazi zonse kuti achite ndi iwo, ine ndikhalebe panja ndi ulemu wanga. Maso awo ali ndi ng'ala, manja amanjenjemera, ndipo zimene ndinanena anazimva m'njira yawo. Anatenga mswachi wamtengo ndi phulusa, monga atsukira mano awo chibadwireni. Kansalu kanatuluka kali magazi. Sindikuwanena. Mano a a Chanazi alipo onse mpaka lero, amatafuna nzimbe kuposa iwe, ndiye ukawauza kuti phulusa n'loipa adzakuonetsa manowo n'kukufunsa kuti ako otsuka ndi za m'sitolo anabookeranji uli Fomu 2. Usakakangane nawo, sungawapambane. Ungowauza kuti usinini wa wodwala uli ngati wa khanda.

Tsono tsiku limene ndinalowa. Linali dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali kudimba kokumba mbatata, a Chanazi atatsamira khoma akuwodzera. Ndinapemphera korona pang'ono, ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinadziphimba chitenje kumutu mpaka kutsala maso okha, ngati kuti akapanda kuona nkhope ndiye kuti si ine. Ndinagwada pambali pa mphasa n'kunena kuti, "Bambo, pepani, ndatumidwa ndi achipatala." Ndinawatembenuzira cham'mbali, ndinakulunga kansalu konyowa pa chala, n'kuyambira pa milomo. Anatsegula okha, Rozina. Anayamwa kansaluko ngati mwana. Ndinalimba mtima. Ndinalowetsa chala m'tsaya, ndinatulutsa zotsalira za phala lakalekale, ndinapukuta lilime pang'onopang'ono. Nditafika pa mano akutsogolo akumwamba ndinangomva gwede. Ndisanaganize n'komwe, mano onse aja anali m'dzanja langa.

Ndinakuwa. Ndinati ndazula mano a apongozi anga ndi chala chimodzi, ndipo ndinadziona kale ndili pabwalo, akunditcha mfiti m'mudzi wa eni. A Chanazi anadzidzimuka, anakwawa, anapapasa m'dzanja langa, nati chapansipansi, "Nkwenyi, mwaona zimene ana awo sanaone." Anali mano oikirira. Enieniwo anathyoka ku Beira ali mnyamata, chitsulo chapadoko chitawamenya pakamwa, bambo ako asanabadwe. Ena anakawaikitsa ku Blantyre mwakachetechete, atanena kumudzi kuti akukagula ukonde. Moyo wawo wonse ankawatsukira kumtsinje ali okha m'bwato. Kumwetulira kuja kumene anthu ankati mkulu uyu sakalamba kunali kumeneko. Chigonereni pamphasa sanawachotsepo, chifukwa m'nyumba ya wodwala simutha anthu, ndipo iwo analetsa ngakhale mkazi wawo kuwachotsa. Zimene zinali pansi pake, mwana wanga, sindilemba zonse. Kufiira, zilonda, zoyera zija, ndi fungo lonse lija ndinkalifunafuna m'zofunda.

Ayavu anandiyang'ana. Aka kanali koyamba kuphana maso chilowereni m'banja mwawo. Mlomo wakumwamba unali utagwera m'kati. Kenaka anatembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo chilichonse chophika ine ankachidziwa, kaya ankadziwira chiyani, n'kutseka pakamwa. Liwu limodzi lokha linkamveka, "nkhabe," kukana kwawo kwa Chisena. Ndikatsokomola panja ankafunda kumutu. Ndinaoneratu kuti ndikakhalitsa ndiwapha ndi njala ya manyazi. Kenaka a Chanazi anandipeza ndikutsuka mbale, nati, "Akuti nkwenyi apite akapume. Akuti abwere nkazanga wamng'ono."

Ndiwe ameneyo. Chibadwireni amakutcha mkazi wawo, iwe kumawalanda chipewa, kuwakoka ndevu, kuwaopseza kuti uwasiya ukakwatiwe ndi wa njinga yamoto. Mdzukulu saopa m'kamwa mwa agogo ake. Pamene ine ndinalowa ngati mbala, iwe ukalowa ngati mwini. Pakali pano akuwadonthezera mankhwala ndi a Chanazi, mopapasa, ndiye usachedwe panjira, usatsike pa Bangula kukaona anzako.

Apa ndi pamene mutu wanga waima. Ndinalakwa liti? Pamene ndinakhala panja kusunga ulemu iwo akuwolera m'kamwa, kapena pamene ndinalowa n'kuwavula ulemu? Ndikaganiza zoyambazo ndimati ndinachedwa. Ndikaganiza zachiwirizo ndimati ndikanadikira iwe. Koma ndikanapanda kulowa, iwe ukanaitanidwa ndi ndani? Ndinapita nazo kokalapa kuno ku Chikwawa. Ansembe akuno anandifunsa kuti tchimo lenilenilo ndi liti, ndinalephera kuloza. Anandipatsa kapemphero kochepa, ndiyesa anangofuna kuti ndisabwerere chimanjamanja. Ndiye usayembekeze kuti mayi ako akuuza cholondola pa nkhani ya ulemu. Ndikuuza za kansalu ndi madzi, zimenezo ndiye ndazidziwa.

Mvetsera tsono. M'chikwama chako ndaikamo mswachi wa ana wofewa, tinsalu toyera tong'amba ku nsalu yatsopano, vaselini ndi kasupuni. Madzi uziwiritsa n'kuwasiya azizire, ngakhale a Chanazi adandaule kuti ukutha nkhuni. Mchere ndi wotsina ndi zala, m'kapu yodzaza, osapitirira. Ndinaiwala kufunsa namwino ngati madzi a pachitsime chija, omwe ali ndi mchere kale, akufunikanso wina. Uzilawa, ukaumva usathiremo. Usawatsuke atagona chagada, Rozina, ichi ndabwereza dala, chagada ayi. Uwatsamiritse kapena uwagoneke cham'mbali kuti madzi azituluka, asatsikire kukhosi. Kansalu uzifinya kasamachuche. Uyambire pa milomo, kenaka m'masaya, usinini, mano otsalawo ndi mswachi mosakhula, lilime pomaliza. Chala chizidutsa m'mbali mwa tsaya, osati pakati pa mano, wodwala amaluma asakufuna. Zoyera zija usapale ndi chikhadabo, mankhwala ndiwo achotse. Kansalu kakagwira ntchito uchape, uwiritse, uyanike padzuwa. Uzitero m'mawa, akatha kudya, ndi pogona. Pakati ponsepo, kutentha kwa kwathu ukukudziwa, uzingonyowetsa lilime pafupipafupi ndi kupaka vaselini pang'ono pa milomo. Akakana usakakamize. Tuluka, ukabwerenso ndi nthabwala ina. Ukaona tsaya latupa kapena thupi latentha, uwoloke ukauze namwino.

Za mchere pali chinanso. Ukakhala kumwezi a Chanazi sadzalola kuti dzanja lako lithire mchere m'chinthu cholowa m'kamwa mwa mwamuna wawo. Ine ndine mkhristu, zimenezo ndinazisiya, kapena ndimati ndinazisiya. Uwapatse athire okha, sukutayapo kanthu. Koma uime pomwepo, chifukwa dzanja lawo likanjenjemera amathira ngati akufuna kuyanika nsomba.

Mano aja ali m'kapu yabuluu yovundikira, kuseri kwa mtsuko. Uziwatsuka ndi sopo ndi mswachi wakewake, n'kusintha madzi tsiku ndi tsiku, anthu asakuone. Usauze munthu, ngakhale bambo ako aang'ono akaimba kuchokera ku Joni. Ndipo pa mano amenewa ndi pamene ndasowera mtendere. Namwino nditamuimbira anati asavalenso mpaka zilonda zitapola, komanso poti usinini unafota manowo ndi okhwepa, angathe kugwera kukhosi. A Chanazi akuti popanda mano amenewo mwamuna wawo sadzatsegula pakamwa pamaso pa ansembe, wina anene zimene anene. Akavala, zilonda zibwerera, sameza. Akapanda kuvala, satsegula. Uku Ukaristia sulowa, ukunso sulowa. Tsiku lina ndimati avale kanthawi kolapa kokha, ali tsonga, kenaka uwachotse asanalandire. Mawa lake ndimati kuchotsa mano abambo mfumu ali pomwepo, si manyazi oposa? Ndinaganizanso zopempha abambo kuti ayang'ane kumbali popereka, koma munthu ungauze wansembe kuti atsinzine atanyamula Ambuye? Ukafunsenso namwino, mwina ndinamva molakwika. Koma ndikuona ngati yankho silili kwa namwino, silili kwa a Chanazi, kwa ine ndiye ayi ndithu. Lili kwa iwo eni, ndipo mlomo ukafewa adzauza iwe.

Ndikudziwa kuti anzako ayamba kuphunzira zosoka popanda iwe, ndipo sunadandaule, zimenenso zikundiwawa kuposa ukanadandaula. Makina udzawapeza. Uzigona m'neti. Usatunge madzi pamalo amodzimodzi m'mbali mwa mtsinje, ng'ona imaloweza. Anyamata apadoko akakufunsa dzina uwauze kuti ndiwe mkazi wa mkulu wa bwato uja, adzaseka n'kukusiya. Ndipo ichi ndilembe ngakhale dzanja likukana. Zikhoza kutheka kuti ulendo wawo ufulumire abambo asanawoloke. Ukadzaona kuti sakumezanso, usawathire madzi m'kamwa poyesa kuti ukuwathandiza, ungawatsamwitse. Kansalu konyowa pa milomo basi, mpaka mapeto, ukuwalankhula. Amati makutu amatsalira. Usaope, sudzakhala utalakwa kanthu. Taona, ine amene sindikudziwa kulakwa kwanga ndikukuuza za kusalakwa kwako. Ungondikhulupirira.

Ukafika usalowe ndi nkhope yamaliro. Usagwade pakhomo ngati ine. Ulowe ukulalata: "Mamunanga, ndamva kuti mwayamba kukana phala la akazi ena. Mwachita bwino, mwini wake ndabwera. Yasamani ndione ngati mukadali wokwatirika!" Akafunda kumutu, uwauze kuti wa njinga yamoto uja anagwa pa Marka, mano onse akutsogolo anasiya mumsewu, koma akukufunsirabe osabisa pakamwa. Ukawaseketsa kamodzi kokha pakamwa pali pululu, iwe osadzidzimuka, osayang'ana kumbali, ndiye kuti njira ya abambo mfumu yatseguka. Mwina. Ndikuti mwina chifukwa ndapemphera ndipo sindinayankhidwe china.

Lamulungu limenelo ndidzakwera nawo bwato la abambo. Usawauze ayavu. Sindidzalowa, sindidzaphika, sindidzatsokomola. Ndidzakhala kuseri kwa mpanda wabango, kumene nkwenyi amakhala. Zikadzakanikanso usadzatuluke, udzakhale nawo, uziwanyowetsa milomo, ine ndidzadziwira kuchedwa kwako. Koma akadzameza, udzatenge kapu yabuluu ija, ubwere udzataye madzi ake m'tsinde mwa mpandawo. Usadzanene kanthu. Ndidzawamva akugwa.

Ndikukuona ukubwera ndi ufa pamutu, ndilekere pano. Ambuye akuwolotse bwino, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Agnesi